D&D, Pathfinder, Call of Cthulhu Kapena Dungeon World: Alendo Muwayambitse ndi Ati?

Munthu amene sanasewerepo RPG yapatebulo (masewera omwe aliyense amakhala munthu wa m'nkhani, wotsogolera akufotokoza zochitika, madayisi n'kumagamula zotsatira) amakhala pansi ali ndi funso limodzi lokha: "Ndiye ineyo ndizitani?" Masewera oyenera tsiku loyamba ndi amene amamuyankha msanga, asanatope n'kuyamba kugwiragwira foni. Pa muyeso umenewu ine ndimasankha Call of Cthulhu, koma enawa ali ndi potsamira pawo, makamaka ngati wotsogolera masewera nayenso ndi watsopano.

Tiyambe ndi Dungeons & Dragons, poti ndi dzina limene anthu amabwera atalimva kale. Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa mu 1974, ndipo ambiri lero anawadziwira pa mtundu wachisanu wa mu 2014. Lamulo lake lalikulu silivuta: ponyani dayisi ya mbali 20, onkhetsani ndi nambala ya papepala lanu, mukafika pa nambala imene wotsogolera waika ndiye kuti zatheka. Chimene chimazunguza mlendo ndi pepalalo. Pali mikhalidwe 6, maluso 18, ndipo mkhalidwe uliwonse uli ndi manambala awiri. Papepala palembedwa mphamvu 15, pambali pake +2, inu n'kunena kuti "onkhetsani mphamvu zanu", iye n'kuwonjeza 15 uja mosangalala. Kenako atola dayisi ya mbali 12 poganiza kuti ndi ya 20, poti zonse n'zobulungira. Zing'onozing'ono zotere zimadya nthawi, ndipo mukalola kuti aliyense apange yekha munthu wake kuchokera poyambirira, ola lathunthu litha nkhani isanayambe n'komwe. Gwiritsani ntchito mapepala odzaza kale; bokosi la oyamba kumene lotchedwa Starter Set la 2014 lili nawo asanu.

Chenjezo lina pa bokosi lomwelo. Nkhani yake, Lost Mine of Phandelver, imayamba ndi ma goblin (tizilombo tankhanza tooneka ngati tianthu) anayi obisalira pamsewu. Wamatsenga wongoyamba amakhala ndi moyo wa mapointi 7 kapena 8, pamene goblin akamenya amachotsa pakati pa 3 ndi 8. Kumenyedwa kawiri, mwina kamodzi kokha, munthu wagwa asanachite chilichonse, ndipo mwini wake angokhala duu kuonerera anzake. Chepetsani ma goblin kapena musawalole kulunjika onse pa munthu mmodzi.

Pathfinder ya mtundu wachiwiri, ya kampani ya Paizo, yomwe inatuluka mu 2019, imadziwika kuti ili ndi malamulo ochuluka, ndipo n'zoonadi. Chodabwitsa n'chakuti Beginner Box yake ya 2020, bokosi la oyamba kumene, imaphunzitsa bwino kuposa ya D&D. Nkhani yake imakuyendetsani chipinda ndi chipinda, chilichonse chikubweretsa lamulo limodzi latsopano, ndipo madayisi ali ndi mitundu yosiyana yogwirizana ndi zolembedwa papepala, choncho mumangoti "tengani wamtundu uwu". Komanso mpata wa wosewera ndi wosavuta kufotokoza: muli ndi zochita zitatu, basi. Kuyenda ndi chimodzi, kumenya ndi chimodzi, kukweza chishango ndi chimodzi. Mpatseni timabatani titatu kuti azikankha kamodzi akachita chinthu, ndipo sadzafunsanso. Mu D&D mumayenera kusiyanitsa chochita chachikulu, chochita chowonjezera ndi kuyenda, ndipo chowonjezeracho chimavuta ngakhale amene asewera kwa miyezi. Pofooka pake m'pakuti nkhaniyo imayambira m'chipinda chapansi ndi makoswe akuluakulu, ndipo mbali yaikulu ndi ndewu pamapu. Amene anabwera kudzalankhula, kunyengerera ndi kunama m'nkhani amachoka akuganiza kuti masewerawa ndi tchesi ya malupanga. Koma ngati nonse patebulo, ndi inu wotsogolera yemwe, simunayesepo, bokosi limeneli ndi limene limakugwirani dzanja.

Tsopano Call of Cthulhu, ya kampani ya Chaosium, imene Sandy Petersen analemba mu 1981. Luso lililonse ndi peresenti. Papepala pakalembedwa 60 pa luso lofufuza m'laibulale, mumaponya madayisi awiri otulutsa nambala ya pakati pa 1 ndi 100, ndipo mukapeza 60 kapena kucheperapo mwapambana. Palibe choonkhetsa. Mlendo akayang'ana pepala lake amaona pompo zimene munthu wake amatha ndi zimene satha. Chachikulu kuposa pamenepa n'chakuti anthu a m'nkhani ndi anthu wamba: mtolankhani, mphunzitsi, dokotala. M'kabuku kaulere koyambira muli nkhani yotchedwa The Haunting, yochitikira mumzinda wa Boston ku America m'ma 1920, momwe mwini nyumba amakulembani ntchito yofufuza chifukwa chake obwereka nyumba yake amakumana ndi zoopsa. Palibe amene amafunsa chochita. Wina amati tikafunse anthu oyandikana nayo, wina amati tikaone nyuzipepala zakale, wina wamantha amati tisalowemo usiku. Zonsezi amazitenga m'mutu mwawo, osati m'buku la malamulo. Munthu sadziwa kuti wansembe wa D&D amatani pamsewu, koma amadziwa zimene angachite atamva phokoso m'chipinda chopanda munthu.

Ndimakondanso lamulo lake loyesanso. Mukalephera, mutha kuponya kachiwiri, bola mufotokoze chimene mwasintha, ndipo mukalepheranso zotsatira zake zimakhala zoipa kwambiri. Tebulo lonse limatsamira kutsogolo pa kuponya kwachiwiriko, ndipo mlendo amaphunzira pomwepo kuti mawu ake amasintha nkhani. Misampha ilipo iwiri. Woyamba ndi kubisa mfundo yofunika kuseri kwa dayisi: onse akalephera, nkhani yaima. Mfundo imene nkhani singayende popanda iyo ipatseni ndithu, dayisi ingosankha ngati aipeza msanga kapena movutikira. Wachiwiri ndi mtundu wa nkhaniyo. N'zoopsa, anthu amafa kapena kusokonezeka mutu, ndiye funsani musanayambe ngati pali zinthu zimene wina sakufuna kuti zitchulidwe. Ndipo amene anabwera akulakalaka kupha zilombo adzakhumudwa, poti kuno nthawi zambiri wanzeru ndi amene wathawa.

Dungeon World ya 2012, yomangidwa pa malamulo a masewera ena otchedwa Apocalypse World a 2010, ndi imene anthu amathamangira kunena kuti ndi yopepuka. Kwa osewera ndi yopepukadi. Madayisi awiri wamba a mbali 6, kuwonjeza kanambala kakang'ono: 10 kupita m'mwamba zatheka, 6 kutsika pansi zavuta, ndipo pakati pa 7 ndi 9 zatheka koma pali mtengo wolipira. Munthu amapangidwa pongochonga mabokosi papepala limodzi. Katundu yense amene wachotsedwa pa osewera wagwera pamutu pa wotsogolera. Mwa njira 36 zimene madayisi awiri angagwere, 15 zimapereka 7, 8 kapena 9, ndipo nthawi iliyonse zikatero maso onse ali pa inu kuti mutchule mtengowo pomwepo. Walumpha phompho, koma chikwama chagwa? Chitseko chatseguka, koma mlonda wamva? Buku limakupatsani mndandanda wa zimene mungachite, koma kusankha ndi kuzivala mawu ndi kwanu, ndipo pakutha pa maola atatu mutu umakhala utauma. Wotsogolera amene wayendetsapo masewera ena kwa nthawi ndithu adzapeza kuti alendo amamasuka nayo mwachangu kuposa onsewa. Amene akutsogolera koyamba aiike kaye pashelefu mpaka atazolowera kuyankha mafunso amene sanawakonzekere.