Kuchepetsa vidiyo osaiwononga: HandBrake, ma app a pafoni kapena ma website?

Anzanga ojambula maukwati ndi makwaya kuno ku Mzuzu mwandifunsa mokwanira za njira yabwino yochepetsera fayilo ya vidiyo osaiwononga, ndingoyankha pamodzi.

Ma website aja oti ungoponyamo vidiyo akuchepetsera okha, ine ayi ndithu. Amalemba kuti ndi ulere koma ulere wake uli pati? Vidiyo ya ukwati ya 2GB uyambe waikweza yonse ndi bandulo yako, netiweki ikadukira pakati uyambirenso, ndiye ukamaliza mpamene akukuuza kuti fayilo yapitirira malire a ulere, lipira ndi khadi, m'madola. Website ina inandipanga zimenezi, nditachepetsa fayilo kuti ilowe inanditulutsira vidiyo ili ndi dzina lawo pakona, nkhope ya mkwatibwi ili mabokosimabokosi, velo osaoneka kuti ndi velo. Data yapita, kasitomala wa ku Chibavi akungoimba foni. Mpaka pano zimandiwawa, ndipo mukandiuza kuti mwapeza ina yabwino sindimva.

Ma app a pafoni ndi a kavidiyo ka status basi, foni imatentha komanso zotsatsa malonda mbwee.

HandBrake, pulogalamu ya pakompyuta yochepetsera vidiyo, ndiye yanga. Ndi yaulere zenizeni, ukaiika pa laputopu sifunanso intaneti. Pa mtundu wa kafinyidwe ka vidiyo sankhani H.264, RF (nambala yosankhira ubwino wa chithunzi) muiike pakati pa 20 ndi 23 ngati vidiyo ili 1080p. Nambala ikamakwera fayilo imachepa koma chithunzi chimafooka, makamaka pomwe anthu akuvina kapena muholo muli kamdima. Yesani kaye kachidutswa kakafupi musanaponye yonse. Ngati anthu azionera pafoni tsitsani ku 720p, palibe angadandaule. Mawu okha musawafinye kwambiri, kwaya isiyeni pa AAC 160 (mtundu wa mawu wa AAC, bitrate ya 160).

H.265, mtundu wina wa kafinyidwe, imachepetsa kuposa apo inde, koma imachedwa, laputopu yakale fani imalira mpaka magetsi kuzima isanamalize, komanso ma TV ndi mafoni ena akale saitsegula. Mukatumize kwa agogo ku Ekwendeni muzikamva kuti palibe chikuoneka.

FFmpeg, pulogalamu ina, imagwiritsa x264 yomweyo imene HandBrake imapangira H.264, CRF yake (yofanana ndi RF ija) imakhala pa 23 ukapanda kuisintha, koma zonse umachita kutayipa. Ndi ya anyamata a ku Mzuni imeneyo.

Mukamaliza, pa WhatsApp tumizani ngati document, imalola mpaka 2GB. Mukaitumiza ngati vidiyo wamba WhatsApp imaifinyanso kachiwiri.