Miyezi 9 ndi ziphaso za Merlin: mmene zatiyendera ife a ku Leicester

Mu Febuluwale, titangogula ziphaso zinayi za Merlin Annual Pass, zolowera m'mapaki a masewera chaka chonse, ndinalonjeza kuti nyengo ya mapaki ikatha ndidzafotokoza ngati ndalamayo inapita pabwino. Pano ndi Novembala, paki ya Alton Towers yatseka mpaka Malichi, ndiye nthawi yakwana.

Kwa amene simunamve chiyambi chake, ife ndi banja la anthu anayi, timakhala ku Leicester, mu England. Ine ndimasamalira okalamba, amuna anga amayendetsa lole. Mwana wathu wachisamba ndi mnyamata wa zaka 11, mzime ndi mtsikana wa zaka 7. Tinakhala chaka chathunthu tikuika pambali kangachepe mwezi ndi mwezi kuti pa tchuthi chachikulu tikagone masiku atatu mu hotela ya ku Alton Towers, ana nawonso akakhale ndi chokamba anzawo akamafotokoza za Spain ndi Florida. Titakhala pansi n'kuwerengera chipinda, chakudya ndi matikiti pa mitengo ya Ogasiti, tinaona kuti thumba lonse litha m'masiku atatuwo. Ndiye tinasintha maganizo, n'kugula ziphaso za chaka chonse pa nthawi imene anatsitsa mtengo. Chiphaso chimodzi chimakulowetsa ku Alton Towers, Legoland Windsor, Thorpe Park, Chessington, Warwick Castle, London Eye, Madame Tussauds ndi malo oonerako nsomba a Sea Life, chifukwa onsewa amayendetsedwa ndi kampani imodzi.

Tayenda maulendo 12. Ku Alton Towers kasanu ndi kamodzi, ku Warwick Castle katatu, ku Sea Life ya ku Birmingham kawiri, ku Legoland kamodzi. Ku Thorpe Park ndi ku Chessington sitinapondeko, ngakhale mnyamata wakhala akutiumiriza chaka chonse kuti akufuna kukakwera Hyperia ya ku Thorpe Park, roller coaster (sitima yamasewera yothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika) yotalika mamita 72 imene inatsegulidwa mu 2024, yaitali kuposa zonse mu Britain. Mtengo wa ziphaso unabwerera pa ulendo wachinayi, tikayerekeza ndi matikiti ogula pa intaneti tsiku lisanafike. Pamenepo palibe chodandaula. Koma mayendedwe athuwo akuonetsa kale chinthu chimodzi: tinkapita kumene kuli pafupi. Kuchoka kwathu kukafika ku Alton Towers ndi ola limodzi ndi mphindi zingapo, kudzera misewu ya M1 ndi A50. Warwick ndi pafupi kuposa pamenepo. Windsor ndi maola awiri msewu ukakhala wabwino. Munthu wokhala ku Glasgow kapena ku Belfast asatengeke ndi mndandanda wautali wa malo, ayambe wayang'ana mapu.

Chimene sindinachiganizire bwino pogula ndi msinkhu wa mwana. Ku mapaki amenewa kawirikawiri safunsa zaka, amayeza kutalika. Ku Alton Towers, sitima zamasewera za Nemesis, Oblivion ndi The Smiler zimafuna mwana wa mita 1.4. Wicker Man ndi Thirteen zimafuna mita 1.2. Mnyamata anali atadutsa kale, moti ankakwera chilichonse ndi bambo ake. Mtsikana mu Malichi anali ndi masentimita 117.

Tsiku loyamba lomwelo anaona Wicker Man, sitima ija yoyenda pa njanji zomangidwa pa matabwa, imene imalowa m'chifanizo chachikulu chotulutsa moto ndi utsi. Anandikoka dzanja mpaka pakhomo. Mtsikana wogwira ntchito pamenepo anamuimika pa ndodo yoyezera, anagwada kuti aone bwino, kenako anamuuza mofatsa kuti kwatsala pang'ono. Mwana sanalire pomwepo. Anagwira lamba wa chikwama changa, tinayenda mwakachetechete, ndipo titafika pa benchi anati, "Amayi, ndikadya nsima yambiri ndikula pofika liti?" Ndinamuuza kuti tiziyeza mwezi uliwonse. Kuyambira pamenepo pa felemu la chitseko cha khitchini pali timizere ta pensulo, kamzere kalikonse ndi mwezi wake.

Vuto linali lakuti anali pakatikati. CBeebies Land, dera la ana aang'ono limene linatsegulidwa mu 2014, ankaliona ngati la makanda, pomwe zazikulu sankaloledwa. Maulendo atatu oyamba banja linkagawikana: abambo ndi mnyamata uko, ine ndi mtsikana ku kasitima ka Runaway Mine Train mobwerezabwereza, kukumana nthawi ya nkhomaliro. Si mmene ndinkaganizira ulendo wa banja. Ndikanadziwa, mwina ndikanadikira miyezi ingapo ndisanagule. Anafika masentimita 120 kumapeto kwa Ogasiti, ndipo mu Seputembala anakwera Wicker Man ali pakati pa mantha ndi chimwemwe, dzanja lake litafinya langa mpaka zikhadabo kusiya zizindikiro. Titatsika anati tibwererenso pamzere. Tinabwerera katatu. Ndiye makolo anzanga, musanatulutse khadi la kubanki, muimikeni mwana kukhoma, mumuyeze, kenako muone pa webusaiti ya pakiyo kuti pa msinkhu umenewo angakwere chiyani.

Tsopano za ndalama zimene sizioneka pa tsiku logula. Chiphaso chimalipira pakhomo pokha. Mafuta a galimoto ndi ako. Ziphaso zili m'magulu, ndipo gulu limene ife tinatenga silinaphatikize malo oimika galimoto, choncho ulendo uliwonse tinkalipira paokha. Kamodzi sikapweteka, koma ukafika kakhumi umayamba kuwerenga. Magulu apamwamba amaphatikiza zimenezi, ndipo poti galimoto ndi imodzi, nzeru imene tinaimva mochedwa kwa banja lina pamzere ndi yakuti mmodzi yekha atenge chapamwamba, ena onse atenge chotsika. Magulu otsika alinso ndi masiku amene sulowa, makamaka aja odzaza anthu, ndipo pafupifupi kulikonse umayenera kubukitsa tsiku pa intaneti usananyamuke. Kwa ine wogwira ntchito ya mashifiti zimenezi zinkafuna kukhala ndi kalendala ziwiri m'manja, ya kuntchito ndi ya chiphaso.

Chakudya ndiye nkhani ina. M'paki iliyonse ya mtundu umenewu, baga ndi tchipisi za anthu anayi zimadya ndalama yogulira ndiwo za masiku angapo. Ubwino wake amalola kulowa ndi chakudya chako. Ulendo woyamba tinagula zam'katimo, kuyambira wachiwiri ndinkadzuka 5 koloko kuphika mpunga, kukazinga nkhuku, kuika mandasi m'kontena ndi tiyi m'fulasiki. Apa ndi pamene ndinapeza malo amene ndimawakonda kuposa china chilichonse ku Alton Towers, minda yake. Anthu ambiri sadziwa kuti malowa asanakhale paki ya masewera mu 1980 anali kwawo kwa mabwana otchedwa Earl of Shrewsbury. Mabwinja a nyumba yawo yaikulu alipobe, ndipo kumunsi kwake kuli chigwa cha minda imene inakonzedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ya mitengo ikuluikulu, timayiwe ndi kasupe wotumphuka pa kanyumba komangidwa ngati ka ku China. Ukatsikira m'menemo phokoso limazilala, umangomva kukuwa kwa okwera Oblivion chapatali.

Mayi anga anabwera kuchokera ku Zomba mu Julayi kudzakhala nafe miyezi iwiri. Tinawagulira tikiti ya tsiku limodzi. Sanakwere kanthu, ndipo ataona Oblivion ikuima pamwamba penipeni kenako n'kugwera m'dzenje, anagwira pakamwa n'kuyang'ana kumbali mpaka mdzukulu wawo atatuluka. Koma m'mindamo anayala chitenje pa kapinga, anavula nsapato, n'kuyamba kugawa nkhuku ngati tili pa khonde kwathu. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mitengo, kenako anati, "Mwanawe, kuzizira kwa pano ndi kwa ku Ku Chawe kwenikweni." Ana anagona pamiyendo pawo. Tsiku limenelo ndi limene ndimalikumbukira kwambiri pa maulendo onse 12. Dziwani kuti pakiyi ndi yaikulu ndipo ili ndi zitunda. Kwa munthu wamkulu wovutika mawondo, kuyenda kwake n'kotopetsa, ngakhale pali kasitima konyamula anthu kuchoka koimika magalimoto kukafika pakhomo.

Za masiku abwino opitira, ife a ku Leicester tili ndi mwayi umene anzathu ambiri alibe. Sukulu za kuno zimatsekera tchuthi chachikulu msanga mu Julayi, sukulu zambiri za mu England zikadaphunzira. Masiku amenewo tinapita kawiri pakati pa sabata, ndipo mizere inali yaifupi moti mnyamata anakwera Nemesis kangapo dzuwa lisanafike pamutu. Masiku amene aphunzitsi amakhala pa maphunziro awo, ana osapita kusukulu, ndi abwinonso chimodzimodzi. Kujombetsa mwana sukulu kuti mupeze paki yopanda anthu sindikulimbikitsa: kuyambira Ogasiti 2024 chindapusa mu England chimayambira pa mapaundi 80, kholo lililonse pa mwana aliyense, ndipo chimafika 160 ukachedwa kulipira. Ife kamodzi tinapita pakati pa Ogasiti dzuwa likuwala bwino, tsiku limene aliyense anaganiza zofanana ndi ife. Tinaima pamzere umodzi kupitirira ola. Pali matikiti a Fastrack odumphira mzere, koma kwa banja losunga ndalama kugula amenewo n'kubweza m'mbuyo phindu lonse la chiphaso. Tinakwera zitatu, tinadya, n'kubwerera kwathu 3 koloko.

Kubwerera msanga kumeneko ndi kumene kunandionetsa ubwino weniweni wa chiphaso. Ukalipira tikiti ya tsiku limodzi, mtima umakhala pa wotchi. Umawakoka ana kuyambira potsegulira mpaka potsekera, atope asatope, mvula igwe isagwe, chifukwa ukudziwa zimene walipira. Ndinaona makolo ambiri akukalipira ana olira 5 koloko madzulo, ndipo ndinkawamvetsa. Ife tikaona kuti anthu achuluka kapena mtsikana wayamba kulemera miyendo, tinkanyamuka popanda kupwetekedwa mtima, podziwa kuti tibweranso. Ulendo wina ku Warwick tinangopita kukaonera mbalame zolusa, ziombankhanga ndi akadzidzi zikuuluka pamwamba pa mitu yathu m'mbali mwa mtsinje wa Avon. Tinakwera nsanja imodzi ya linga la Warwick Castle, limene mfumu William the Conqueror inayambitsa mu 1068, n'kubwerera. Maola atatu okha. Mnyamata anali akuphunzira za nthawi imeneyo kusukulu, ndipo anatifotokozera zambiri kuposa zolembedwa pa zikwangwani.

Kogona tinayesa kamodzi, pa ulendo wa ku Legoland. Mahotela a m'paki momwemo ndi okongola ndipo ana amawasirira, koma mtengo wake pa tchuthi sunali wa thumba lathu. Tinapeza kahotela kotchipa m'tauni ina yapafupi. Pa zithunzi kankaoneka bwino. Titafika, chipinda chinali ndi fungo la chinyontho, bedi la ana linali sofa yophwanyika pakati, ndipo chakudya cham'mawa chimene tinkayesa kuti chili mu mtengo anati n'cholipira paokha. Mtsikana anatsokomola usiku wonse. Tikaphatikiza chipindacho, mafuta ndi chakudya chamadzulo, ulendo umodzi umenewu unadya ndalama zofanana ndi maulendo anayi a ku Alton Towers. Legoland yeniyeniyo inali yabwino kwa mzime wathu, mwina kuposa kwina konse, chifukwa zambiri kumeneko zinapangidwira ana a msinkhu wake. Anayendetsa kagalimoto kamagetsi pa Driving School, akuima pa maloboti mosamala ngati dalaivala weniweni, ndipo ku Miniland anakhala theka la ola akuloza nyumba za London zomangidwa ndi timiyala ta Lego. Mnyamata kunamuchepera. Pofika masana anali akufunsa za Thorpe Park.

Kwa banja lokhala mkati mwa ola limodzi ndi theka kuchokera ku paki yaikulu, lokhala ndi galimoto, ndiponso lokonzeka kunyamula chakudya, ndinganene mosakayika kuti chiphasochi n'chabwino kuposa tchuthi cha masiku atatu mu hotela. Kwa wopanda galimoto ndikukayika, chifukwa Alton Towers ili kumudzi m'chigawo cha Staffordshire, sitima imakusiya ku Uttoxeter kapena ku Stoke-on-Trent, ndipo kuchoka kumeneko umafunabe basi kapena takisi. Muwerengerenso kuti mapaki akuluakulu amakhala otseka pafupifupi nyengo yonse yozizira, choncho miyezi imeneyo chiphaso chimagwira ntchito ku malo ngati Sea Life ndi aja a ku London.

Ife tagwirizana kuti tigulanso, koma mosintha. Amuna anga atenga cha gulu lophatikiza koimika galimoto, ife atatu titenga chotsika. Kugona kunja tasiya, kupatula usiku umodzi kwa msuweni wanga amene amakhala chakum'mwera kwa London, kuti mnyamata akakwere Hyperia yake. Ziphaso za chaka chino zikadali ndi miyezi itatu, ndipo tabukitsa kale London Eye pa tchuthi cha Khirisimasi. Mtsikana tinamuyeza Lamlungu lapitali, ali pa 121. Anatenga pensulo yekha, anakwera pampando, n'kulemba kamzere kena pa 140.