Kachubu koveka mphete pa nyongolotsi zapulasitiki

Amene mumawedza nsomba za mtundu wa bass ndi nyongolotsi zapulasitiki zofewa zija, zamchere, zotalika mainchesi 5, mukudziwa mmene zimathera msanga mukazikola pakati, kakoledwe kamene amati wacky rig. Nsomba ikangodumpha n'kupukusa mutu, mbedza imang'amba nyambo ndipo nyongolotsi yapita. Ine paketi yathunthu inkanditha dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndiye ndinagula kachubu kachitsulo kokhala ndi timphete tamphira. Ntchito yake ndi yochepa: mumalowetsa nyongolotsi m'kachubumo mpaka pakati, n'kutsetsereza kamphete kuti kaigwire m'chiuno. Mbedza imadutsa pansi pa kampheteko, osaboola nyambo. Tsopano nyongolotsi imodzi ndimagwira nayo nsomba zinayi kapena zisanu isanaduke, ndipo kamiridwe kake sikanasinthe. Imatsikabe pang'onopang'ono, nsonga zonse ziwiri zikunjenjemera, ndipo nthawi zambiri bass imadya nyambo ikadali kumira chomwecho. Muziyang'anitsitsa chingwe, chikangoyenda cham'mbali, kokani.

Chinandivuta masiku oyamba ndi ichi. Ndi kamphete kamodzi mbedza imagona motsatira thupi la nyongolotsi, ndipo ndinaphonya nsomba zingapo chifukwa nsonga ya mbedza inkabisala m'nyambo. Ndinayamba kuveka timphete tiwiri mopingasa, ngati chilembo cha X, mbedza n'kudutsa pomwe takumanapo. Ikatero imaima mopingasa ndipo imakola bwino pakamwa. Timphete timatha msanga, inde, koma kuluza nsomba kumapweteka kuposa apo. Onaninso kukula kwake, chifukwa kamphete kakakulu kamapulumuka pa nyongolotsi yowonda mukangoponya mwamphamvu.

M'maudzu ndi m'mitengo yomira kachubu aka sikathandiza. Nsonga ya mbedza imakhala pamtunda, ndiye imakodwa paliponse. Kumeneko ndimabwerera ku Texas rig: mbedza yopindika khosi ya saizi 3/0 kapena 4/0, kuilowetsa kumutu pafupifupi theka la sentimita, kuitulutsa, kuitembenuza, kenako kubisa nsonga pakhungu la nyongolotsi. Nyongolotsiyo ikhale yowongoka, chifukwa yopindika imazungulira n'kupota chingwe.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi zidutswa zimene zinkatsala m'madzi. Nsomba zimameza pulasitiki ameneyu, ndipo sawola msanga. Chiyambire kugwiritsa ntchito timphete, zoduka zambiri zimabwerera nane m'thumba. Kachubu kanga ndinakamangirira kachingwe pachikwama kuti kasagwere m'madzi, poti n'kachitsulo ndipo kakagwa kamira.