Masemesita awiri a zojambula ndi art history ku community college, mmene zayendera

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti zinatha bwanji zija ndinanena chaka chatha kuti ndalembetsa maphunziro a zojambula ndi art history (mbiri ya zojambula) ku community college kuno ku America kufupi ndi South Bend, ena mpaka kundiimbira foni kuti amayi inu anzanu akuthamangira unesi inu mukukajambula mabotolo? Nde pano poti masemesita awiri atha ndipo magiredi atuluka ndati ndifotokoze bwinobwino. Sindikudandaula olo pang'ono, ndalembetsanso kale semesita ikubwerayi, koma pali zinthu zoti munthu adziwe asanatulutse ndalama yake.

Chimene chinandivuta kwambiri si ndalama ayi koma nthawi. Kalasi ya art history ndi ma credit 3 ndipo m'kalasimo mumakhala maola ngati atatu pa sabata basi. Koma kalasi ya studio, yomwe mumajambula nokha ndi manja, monga Drawing I kapena 2D Design, ndi ma credit 3 omwewo koma maola ake ndi pafupifupi 6 pa sabata, kawiri, maola atatu atatu muli chiimire pa easel, choimikirapo pepala lojambulapo, ndipo homuweki yake siyothamangira usiku umodzi chifukwa chojambula chothamangira chimadziulula chokha. Ine ndimagwira ya CNA, yothandizira manesi kusamalira odwala, ku nursing home shifiti ya usiku ngati Amalawi ambiri kuno, nde kuchoka kuntchito m'mawa, kugona pang'ono, kukaimanso maola atatu, thupi limamva ndithu. Advisor amene anandilembetsa sanandiuze zimenezi, iye anangowerenga ma credit kuti akwana. Amene muli pa viza ya sukulu ya F-1 mukudziwa kuti lamulo limafuna ma credit 12 pa semesita, nde chonde werengani maola enieni osati ma credit okha, ma studio atatu semesita imodzi mulira. Komanso FAFSA ndi Pell Grant, za thandizo la boma pa fizi, ndi za nzika ndi a green card, a viza ya sukulu sizikukukhudzani ndipo fizi yanu imakhala yokwererapo.

Zipangizo sizinandidye kwambiri semesita yoyamba chifukwa Drawing I ndi makala, a vine ofewa aja ndi a compressed akuda bii, pepala la newsprint lalikulu la mainchesi 18 by 24, labala yomata ija amati kneaded, ndi fixative yopopera kuti makala asafufutike. Musagule kit yonse tsiku loyamba, dikirani aphunzitsi anene zomwe muzigwiritsadi ntchito. Penti ndi amene amadula, makamaka mtundu wa cadmium ndi cobalt.

Ine kujambula ndinayamba kalekale ku pulayimale ku Dedza, ndinali mwana uja aphunzitsi ankamutuma kukajambula mapu a Malawi ndi mtima wa munthu pa bolodi. Koma kukopera chithunzi cha m'buku ndi kujambula chinthu chili pamaso pako ndi ntchito ziwiri zosiyana. Masabata oyamba onse anali mabokosi, mipando, mabotolo, nsalu yopindikapindika, kuyeza ndi pensulo mkono utautambasula diso limodzi utatsinzina, kenako akuti musajambule mpando jambulani mpata umene uli pakati pa miyendo ya mpandowo. Ana ena zinkawatopetsa mpaka kusiya kalasi, koma apa mpamene pali phunziro lonse, chifukwa mutu umafuna kujambula zomwe ukudziwa, kuti pakamwa pa kapu mpozungulira, pomwe diso likuona kuti mpophwatalala. Pofika mwezi wachitatu ndinayamba kuona zinthu mwamtundu wina ngakhale kuntchito, ndikamawasamalira agogo ena pafupi ndi windo ndimaona kuti mthunzi wa pansi pa chibwano chawo si wakuda ayi, muli kuwala kobwerera kuchokera pa shiti yoyera ija. Zimenezi palibe vidiyo ya pa YouTube inandiphunzitsapo, zinafunika munthu aime kumbuyo kwanga aziti yang'ananinso.

Critique ndiye inandilimbitsa mtima. Mumamata zojambula zanu nonse pakhoma, aliyense nkumanena zomwe akuona pa ntchito ya mnzake. Kwathu sitinazolowere kuti mwana wa zaka 19 auze munthu wa msinkhu wa mayi ake kuti mkono uwu mwaufupikitsa, tsiku loyamba zinandiwawa ndithu, koma mkonowo unalidi waufupi ndipo amanena mwaulemu, nawenso umanena za iwo. Pano ndimaona kuti ndalama yanga yambiri ndinalipirira critique yomweyi.

Palinso nkhani ina yoti ndinene poyera chifukwa ena mumapemphera ndipo mwina ingakudzidzimutseni. Semesita yachiwiri tinajambula thupi la munthu ndipo model, munthu amene timamujambulayo, amakhala wosavala. Ndinada nkhawa kwambiri, ndinafunsa aphunzitsi pasadakhale ndipo anandifotokozera malamulo ake, chitseko chimatsekedwa, foni saloledwa, palibe kumukhudza kapena kumuseka, akapuma amavala mkanjo wake. Zikayamba mumajambula ma gesture, zojambula zachangu za kaimidwe ka thupi, za masekondi 30 kapena mphindi imodzi, mulibe nthawi yoganiza zina, mukusaka pomwe pali kulemera kwa thupi, mmene msana wapindikira, kuti mutu umalowa ka 7 ndi theka m'litali la munthu wamkulu. Ine amene ndimasambitsa odwala tsiku ndi tsiku ndinapeza kuti ulemu wake ndi womwewo. Koma ngati chikumbumtima chanu sichilola funsani musanalembetse, musakadziwire m'kalasi.

Tsono art history. Yoyamba imayambira ku zojambula za m'mapanga mpaka matchalitchi a Gothic, yachiwiri kuchokera Renaissance mpaka lero. Kuloweza kulipo kwambiri, pa mayeso amaonetsa chithunzi nkuti lembani anajambula ndani, liti, kuti, kenako ziwiri pambali pambali kuti muyerekeze. Koma langizo langa lalikulu ndi lakuti muzitenga history ndi studio limodzi, osati kumaliza ina kenako ina. Titaphunzira perspective ku studio, kukoka mizere yonse kuti ikakumane pa kadontho kamodzi, nkumva ku history kuti zimenezi anazikonza ndi Brunelleschi ku Florence m'ma 1400 koyambirira ndipo Masaccio anazigwiritsa ntchito pa chojambula chake cha Trinity pakhoma la tchalitchi cha Santa Maria Novella cha m'ma 1427, zinandilowa mwamtundu wina chifukwa ndinali nditavutika nazo ndi dzanja langa. Chimodzimodzi wojambula wa ku Italy Caravaggio, kuwala kwake kochokera mbali imodzi ndi mdima wambiri kuja, ukakhala kuti wayesapo ndi makala umadziwa kuti munthuyu amasankha chobisa ndi choonetsa.

Ndipo musamangodalira ma slide. Raclin Murphy Museum of Art ku Notre Dame, imene inatsegulidwa kumapeto kwa 2023, kulowa ndi ulere. Chicago ndi pafupi, sitima ya South Shore Line imakusiyani pa Millennium Station ndipo myuziyamu ya Art Institute ndi kungoyenda wapansi pa Michigan Avenue. A Sunday on La Grande Jatte ya Seurat, yomwe ili kumeneko, pa kompyuta imaoneka kakang'ono koma ndi chinthu cha mamita awiri ndi atatu, anayamba 1884 nkumaliza 1886, ukayandikira ndi timadontho ta penti tokhatokha ukabwerera m'mbuyo udzu ndi madzi zimabwera zokha m'maso mwako. Koma zomwe zinandigwira mtima kwambiri ndi milu ya tirigu ya Monet ya 1890 ndi 1891, mulu womwewo m'mawa, madzulo, pa chipale, ndipo mthunzi wake pena wabuluu pena wofiirira, ndendende zomwe aphunzitsi ankatikalipira kuti mthunzi uli ndi mtundu.

Chodandaula changa chenicheni ndi Africa. Kupatula Egypt, kontinenti yonse inapatsidwa nthawi yochepa zedi, zosema za mkuwa za ku Benin zomwe asilikali a Britain analanda mu 1897, Great Zimbabwe pang'ono, kenako Africa nkudzatulukiranso pa Picasso ndi chojambula chake cha Les Demoiselles d'Avignon cha 1907 ngati kuti ntchito ya zigoba zathu inali yothandiza mzungu kupeza nzeru basi. Zinandiwawa titakhala nthawi yaitali pa Lascaux, phanga la ku France lomwe linapezeka mu 1940, ine ndikudziwa kuti kwathu ku Dedza kuli Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala, UNESCO inawalemba mu 2006, ndipo m'kalasi monse palibe anamvapo. Aphunzitsi anavomereza kuti silabasi ndi yopanikiza ndipo anandilola kulemba pepala langa lomaliza pa Chongoni.

Pepala limenelo ndiye chinthu chabwino kuposa zonse chimene ndapeza m'maphunzirowa. Ndinakulira pafupi ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi koma ndinkangoti ndi zolembalemba za makolo. Ndi maso a m'kalasi ndinayamba kufunsa mafunso enieni, bwanji zofiira za Akafula zili mizere ndi zozungulira pomwe zoyera za Achewa zili zinyama zotambalala ngati ukuziona uli pamwamba, bwanji anapaka ndi chala dothi loyera lochindikala, ndani ankaloledwa kuziona. Zoyera zambiri zimakhudza chinamwali cha atsikana, kutanthauza kuti anajambula ndi azimayi pophunzitsa ana awo, ndipo zina ndi za nyau, zinajambulidwabe mpaka m'zaka za m'ma 1900. Lascaux palibe wamoyo angakuuzeni kuti ankatanthauzanji, koma Chongoni anamkungwi alipo mpaka lero.

Za Gule Wamkulu ndinasamala, ndine mzimayi za kudambwe si zanga kuzikamba, ndinalemba zokhazo zomwe aliyense amaona pabwalo. Mfundo yanga inali yakuti chigoba chikaikidwa mu galasi ku myuziyamu chili phee, wachotsa mbali yaikulu ya lusolo, ng'oma palibe, fumbi palibe, azimayi oyimba ndi kuwomba m'manja palibe, maliro kapena chiliza chimene gule watulukira palibe. Ndinatchulanso senta ya zaluso ndi chikhalidwe ya Kungoni ku Mua, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuti kumeneko anayesetsa kusunga zigoba pamodzi ndi tanthauzo lake ndi nyimbo zake. Nditawerenga pepalalo m'kalasi mafunso anali ambiri mpaka nthawi inatha.

Funso limene mumafunsa nonse ndi lakuti ntchito ilipo? Ndinene zoona, masemesita awiri sakupatsani ntchito, ndipo ya CNA sindinasiye. Associate degree ndi ma credit pafupifupi 60, pamayendedwe anga a pang'onopang'ono nditenga zaka zingapo. Ngati cholinga chanu ndi kupitiriza ku yunivesite, pitani kaye ku yunivesiteyo mukafunse kuti ma studio anu adzawalandira ngati a digiri ya art kapena ngati ma elective chabe, maphunziro ongodzisankhira apambali, chifukwa sizifanana paliponse ndipo ena amafuna kuona portfolio, zojambula zanu zosonkhanitsidwa pamodzi, nde musataye zojambula zanu ngakhale za newsprint, zijambuleni ndi foni pa kuwala kwabwino chifukwa pepala limenelo limasanduka lachikasu msanga. Semesita ikubwerayi ndatenga Painting I ndi kalasi imodzi ya English yomwe ndi yokakamiza, ceramics ndaisungira chaka chamawa chifukwa ndikufuna ndidzaiyambe nditapita kaye kumudzi kukakhala ndi azakhali anga amene amaumba mbiya, ndione mmene iwo amachitira popanda wilo.