Tibodi ta tochi tija patatha miyezi 8: alamu afunsa, nayi nkhani yonse

Dzulo alamu anga, amene ndi mlonda ku esiteti ina ya tiyi konkuno ku Mulanje, anandiimbira kuti, "Alamu, tibodi tija munaika m'matochi anu tikugwirabe? Yanga yayamba kuwala ngati chiphaniphani, mwina nane ndigule." Ndinayamba kuwafotokozera koma mayunitsi awo anatha ndisanafike n'pakati pomwe, ndiye ndati bola ndingolemba zonse, enanso amene amandifunsa pa shopu awerenge okha.

Ine ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa Chitakale, ndiye kuwotcherera tinthu tating'onoting'ono si nkhani kwa ine. Ndinali ndi matochi atatu a aluminiyamu, aja olowa batire imodzi yotchaja ya mtundu wa 18650. Awiri anali atafa, koma nditayesa ndinapeza kuti LED, kababu kowala kaja, ili bwinobwino, chinapsa ndi kabodi kozungulira kamene kamakhala kuseri kwake, komwe amati driver. Ndi kameneka kamalamula kuchuluka kwa moto wopita ku LED komanso ma mode, kutanthauza kawalidwe kosiyanasiyana monga low, medium ndi high. Yachitatu inkagwira koma inkanditopetsa, ukaizimitsa pa high ukadzayatsanso yadumphira kwina, kufuna kuona chimene chalira m'khola la nkhuku mpaka udine kanayi.

M'mwezi wa Malichi ndinapeza mnyamata wina wa ku Limbe pa gulu la WhatsApp akugulitsa tibodi. Anandiuza kuti ndi ta mamilimita 17, matchipi 8 olamula moto a mtundu wa 7135, ma mode atatu basi, opanda disko ija yothwanima, ndipo kamakumbukira pomwe unasiyira. Kamodzi K7,000. Ndinatumiza K21,000 pa foni, iye n'kupatsira kondakitala wa minibasi amene anandidyanso K2,000 yake.

Zomwe zikuyenda bwino ndingodutsamo. Kuwala kunawonjezekeradi, tchipi iliyonse ya 7135 imapereka 350mA ndiye 8 ndi 2.8A, kuchoka pakhonde ndimaona mpaka ku nthochi za kumalire. Kukumbukira mode kumagwira. Batire ikatsika kufika cha m'ma 3V tochi imaphethira kenako imadzichepetsa yokha, zomwe zapulumutsa mabatire anga chifukwa kale ndinkawakama mpaka chaja kuwakana. Low ndiye ndimaikonda kwambiri, magetsi akathima ndimaiimika pa tebulo kuloza kudenga, ana amalemba homuweki, timadya nsima, mawa lakenso chimodzimodzi osatchaja.

Tsopano nkhani ya disko.

Choyamba, mnyamata uja ananama, kapena naye sankadziwa zomwe akugulitsa, kaya. Tibodi tinabwera ndi ma mode 5, kuthwanima ndi SOS zili momwemo. Ndinati palibe kanthu poti kamakumbukira, ndizingoisiya pa medium basi. Ndipo pamanja zinalidi bho. Vuto linayamba nditaimangirira pa handulo ya njinga ndi mphira. Ine ndikaweruka ndimapalasa kulowera mbali ya ku Likhubula kenako ndimapatuka kanjira kafumbi kodutsa m'mbali mwa minda ya tiyi, miyala yokhayokha. Njinga ikangogunda mwala tochi imasintha mode yokha. Medium, high, kenako disko. Ndiime, ndidine, ndibwezere, ndipalase pang'ono, yasinthanso.

Tsiku lomwe ndinatsala pang'ono kuitaya m'tchire unali usiku wina wa mu Julayi, chiperoni chitagwira masiku atatu, Phiri la Mulanje osaoneka n'komwe, kamvula kowaza kaja kolowa mpaka m'mafupa. Ndinachedwa pa shopu chifukwa cha foni ya kasitomala. Ndikutsetsereka chapafupi ndi kamlatho, kumbuyo ndamanga thumba la deya wa nkhuku, tayala linalowa m'kadzenje ndipo tochi inapita pa disko pompo. Amene simunaonepo kuwala kothwanima m'kati mwa nkhungu simungamvetse, kuwala konse kumabwerera m'maso mwako, kuyera, mdima, kuyera, mdima, njira osaiona, ndinangomva ndili m'ngalande njinga ili pamwamba panga. Deya yense mbwee m'matope. Tochi ili poteropo ikuthwanimabe ngati pali zikwati. Agogo ena apafupi anatuluka ndi chikwanje akuganiza kuti ndi akuba, atandizindikira anangoti, "Mwana wanga, mwayamba kumwa liti?" Bondo linatupa sabata yathunthu, ndipo deyayo anali wa K6,000.

Usiku umenewo mukanandifunsa ndikanati tibodi timeneti ndi zinyalala.

Lamlungu lake ndinakhala pansi mtima utazizira n'kuimasula. Chomwe chimachitika n'chakuti kabodi sikadziwa kusiyanitsa chala chako ndi bampu. Iko kamangoona kuti moto waduka kwa kanthawi kochepa n'kubweranso, basi kamati bwana wadina switchi, n'kusintha mode. Ndiye funso linali loti moto ukuduka pati. Ndinapeza kuti kasipuling'i ka pa bodi yatsopano n'kakafupi kuposa kakale, ndipo mabatire anga ndi aja ochotsa m'malaputopu akale, mutu wake ndi wafulati, alibe kansonga. Batire inkagwedera m'kati, pa bampu n'kulekana ndi sipuling'i. Komanso ling'i yomwe imapana bodi inali italefuka, ndipo negativu imadutsa pomwepo. Apa sindinganamizire wogulitsa zonse, mbali ina ndi mabatire anga.

Ndinachotsa sipuling'i ya pa bodi yakale n'kuiwotcherera pa yatsopano, ndinakulunga batire ndi kapepala kuti isamagwedere, ling'i ndinaimanga zolimba ndi kapani kanga kogwirira tizipangizo ta foni. Kenako ndinaona kuti mbali ya sipuling'i kuli tinyenyezi tating'ono tojambulidwa pa bodipo. Ukalumikiza kamodzi ndi mkombero wakunja pogwiritsa ntchito kadontho ka soda wowotcherera umasintha gulu la ma mode. Ndinayesa kamodzikamodzi mpaka ndinapeza kopereka low, medium, high basi. Disko inatha. Mwina ndi zimene mnyamata wa ku Limbe ankatanthauza, koma akanandiuza mu Malichi bwenzi bondo langa lili lonse. Kunena zoona pa bampu yaikulu kwambiri imasinthabe mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa sabata, koma kuchoka pa medium kupita pa high sikugwetsa munthu.

Kutentha nakonso kunandivuta pa tochi imodzi yomwe ndi yaing'ono, chitsulo chake n'chopyapyala. Pa high mphindi zochepa chabe mutu wake sungaugwire. Matchipi amenewa moto wotsala amangousandutsa kutentha, makamaka batire ikangochoka pa chaja ili pa 4.2V. Ndinachotsa matchipi 4 a mbali ya sipuling'i, kutsala 1.4A, ndipo diso siliona kusiyana kwenikweni koma batire ikukhala pafupifupi kawiri. Mabatire a laputopu otopawa 2.8A samaikwanitsa nthawi yaitali, theka la ola kuwala kwayamba kale kufooka.

Za ndalama ndi pomwe mtima umandiwawabe. Pa tibodi titatu, kamodzi kanabwera ka mamilimita 20, sikalowa mu tochi yanga iliyonse, ndipo kupala ndi tupa mamilimita atatu athunthu ndiye kuti wadya mkombero wa negativu. Ndinamutumizira chithunzi nditaika pa rula tsiku lomwelo. Anati, "Pepani bwana, ndisintha katundu akafika." Epulo, katundu sanafike. Meyi, akuti dola yavuta. Juni ndinapita ku Limbe kukagula masikirini a mafoni, ndinamuimbira kuti tikumane ndimupatse kabodi kake, anati ali ku maliro ku Luchenza. Kuyambira pamenepo mauthenga amawerenga koma osayankha, pomwe pa status akuika tibodi tina tatsopano. Ndiye powerengera, K23,000 yagula tibodi tiwiri, kamodzi K11,500, osawerengera deya. Pa ndalama imeneyo pa msika wa Chitakale ndikanagula tochi yatsopano, mwina n'kutsalako chenji.

Koma tochi za pamsikazo ndazikonza zambiri, ndikudziwa zomwe zili m'kati, ndipo ziwiri zangazi miyezi 8 zadutsa chiperoni, fumbi la Okutobala ndi kugwa m'ngalande, sizinazimepo. Ndikaiyatsa usiku agalu akauwa ndimati ndalama inagwira ntchito. Ndikatsegula kabati n'kuona kabodi ka mamilimita 20 kali phee m'kapepala kake ndimati ndinaberedwa. Ndingagulenso, koma osati kwa mnyamata uja, ndipo ndalama ndingapereke nditayeza ndekha ndi rula.

Alamu, inu musathamangire kutumiza ndalama. Ndakumbukira kuti tochi yanu yaulonda ija imalowa mabatire awiri otsatizana, zikadzaza ndi 8.4V, ndipo tibodi ta 7135 ndi ta batire imodzi, mukaikamo kapsa musanafike n'pageti. Yanuyo ikufuna mtundu wina wotsitsa moto. Komanso mwina si bodi n'komwe, kuwala ngati chiphaniphani nthawi zambiri ndi dzimbiri pa switchi kapena batire imodzi yafa. Mubwere nayo Loweruka pa shopu ndiione kaye, mutengenso chaja yake ndi mabatire onse awiri.