7805 kapena LM2596: kutsitsa magetsi a batire ya sola kuchoka pa 12V kufika pa 5V

Ambiri a ife amene timakonda kulumikiza tizipangizo ta magetsi kuno ku Zomba timayambira pa vuto limodzi. Batire ya sola imene ili pakona m'nyumba imapereka 12V, pamene foni kapena timabolodi ta kompyuta toyendetsera zipangizo, monga Arduino ndi ESP32, zimafuna 5V. Njira zotsitsira magetsiwo zimene zimapezeka msanga ndi ziwiri. Yoyamba ndi 7805, kachipangizo kakuda ka miyendo itatu kamene okonza mawayilesi mumsika amatha kukuzulirani m'zipangizo zakufa. Yachiwiri ndi kabolodi kabuluu ka LM2596, kamene kawirikawiri timachita kuitanitsa ku Blantyre kapena pa intaneti. Ndagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ndipo maganizo anga ndi akuti chilichonse chodya magetsi ambiri chimene chikudalira batire chiyenera kupatsidwa LM2596, ngakhale kuti 7805 ili ndi malo ake amene inzakeyo singailande.

Kagwiridwe ntchito ka 7805 ndi kosavuta kumva: imatenga magetsi opitirira muyeso n'kuwasandutsa kutentha. Batire yodzaza bwino imakhala pafupifupi 12.7V, ndipo masana sola ikamatchaja imatha kufika 14.4V. Tiyerekeze kuti ili pa 13V ndipo chipangizo chanu chikukoka 0.5A. Ma volts 8 otsalawo mukawachulukitsa ndi 0.5A mupeza 4W, ndipo mphamvu yonseyo imathera m'kachitsulo kochepa ngati chikhadabo, pamene chipangizo chenichenicho chikungolandira 2.5W. Popanda heatsink, chitsulo choziziritsira chimene timamangirira kumsana kwake, kachitsulo kamtunduwu kamakwera ndi madigiri 50 kapena kuposerapo pa watt iliyonse, choncho 4W singapiririke.

Izi ndinaziphunzira ndi chala changa. Mwezi wina wa Okutobala, kutentha kuli pachimake ku Matawale, ndinapanga tchaja ya foni ndi 7805 n'kuitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kuti magetsi akazima tisamasowe potchajira. Foni inkatchaja kwa mphindi zochepa, kenako n'kusiya, pakapita kanthawi n'kuyambiranso. Ndinasintha chingwe kawiri, ndinawotchereranso polowetsa USB, koma vuto linali lomwelo, mpaka pamene ndinatsegula kabokosiko n'kukhudza kachitsulo kakumsana kwa 7805 ndipo chala chinatuluka thuza. Chipangizocho sichinali chowonongeka ayi. Mkati mwake muli chitetezo chimene chimadula magetsi kutentha kukayandikira madigiri 150, ndipo chikazizira chimayatsanso. Mukaona chinthu chikuyaka n'kuzima mobwerezabwereza pamene pali 7805, muyambe mwafufuza kutentha musanaimbe mlandu mawaya.

LM2596 siwotcha magetsi otsala. Imayatsa ndi kuzimitsa magetsi ka 150,000 pa sekondi iliyonse, n'kumasunga mphamvuyo mu koyilo ndi mu capacitor, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, kotero kuti potsitsa 12V kufika pa 5V pafupifupi magawo 80 pa 100 a mphamvu amafika kumene akufunika. Pa chitsanzo chomwe chija, 7805 imafikitsa osakwana magawo 40. Kusiyanaku kumaoneka bwino usiku. Batire yaing'ono ya 7Ah, imene sitiyenera kuikhuthula kupitirira theka ngati tikufuna kuti ikhalitse, imatipatsa 3.5Ah. Ndi 7805, chipangizo chokoka 0.5A chimakokanso 0.5A yomweyo ku batire, ndiye kuti maola 7 okha. Ndi LM2596, batire imangotulutsa pafupifupi 0.25A, ndipo maolawo amafika 14. Kwa munthu wa ku Jali kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa amene alibe magetsi ena koma sola, kusiyanaku ndi kumene kumanena ngati chipangizo chake chifike m'bandakucha chikugwirabe ntchito kapena ayi.

Komabe kabolodi kabuluuka kapsereza zinthu za anthu ambiri, ndipo chifukwa chake chimakhala chimodzimodzi. Kakamabwera sikakhala kotcheredwa pa 5V, ndipo nthawi zambiri kamatulutsa magetsi oyandikira amene alowa. Pamwamba pake pali kabokosi kabuluu kokhala ndi kasikulu ka mkuwa, ndipo kasikuluko kamafuna kupotokolera kumanzere maulendo ambiri, nthawi zina kuposa 10, mita yoyezera magetsi isanayambe kuonetsa kutsika kulikonse. Ena amapotokola katatu, n'kuganiza kuti bolodi ndi yakufa, ena amalumikiziratu ESP32 asanayeze. Lumikizani mita yokha kaye, tcherani 5V, kenako mulumikize chipangizo n'kuyezanso. Ine ndikamaliza ndimadontheza kapenti ka m'zikhadabo pa kasikuluko kuti kasasunthe. Musakhulupirirenso kwambiri 3A imene ogulitsa amalemba. Chipu chenicheni cha LM2596 cha kampani ya Texas Instruments chinapangidwira 3A, koma timabolodi totchipa timakhala ndi koyilo ndi diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) zazing'ono, ndipo mukadutsa 2A popanda choziziritsira timatentha koopsa. Pa mbali imeneyi 7805 ilibe chinyengo: mukaiyang'ana mbali ya malemba miyendo italoza pansi, mwendo wakumanzere ndi wolowera, wapakati ndi ground (wopita ku negative ya batire), wakumanja ndi wotulukira, ndipo bola mwaika capacitor ya 0.33µF kolowera ndi ya 0.1µF kotulukira pafupi ndi miyendo yake, mupeza 5V popanda chotchera.

Pamene 7805 imapambana kwenikweni ndi pa ukhondo wa magetsi ake. Kuyatsa ndi kuzimitsa kwa LM2596 kumabala phokoso limene limayenda m'mawaya ndi mumlengalenga momwe. Wayilesi ya medium wave, imene imagwira pakati pa 530 ndi 1600 kHz, imalitola mosavuta, ndipo ka amplifier kakang'ono kamatha kutulutsa kamluzu kapena kuwayawaya m'sipika ngakhale palibe nyimbo imene ikuimba. Chimodzimodzinso poyeza. Arduino Uno imagawa 5V m'magawo 1024, gawo lililonse pafupifupi 5mV, choncho magetsi akamagwedezeka ndi 30mV kapena 50mV, manambala a sensor yoyeza chinyezi cha dothi kudimba kapena madzi m'thanki amangodumphadumpha. Chipangizo chotere chimadya pang'ono. Uno payokha imakoka pafupifupi 50mA, ndipo pa 13V kutentha kwake ndi 0.4W chabe, kumene 7805 imakupirira. Malire anga ndi awa: pansi pa 100mA ndimatenga 7805 mosakayika, pofika 150mA ndimaimangira kachidutswa ka aluminiyamu, ndipo kupitirira apo ndimaisiya.

Pali ntchito ina imene 7805 siyenera kuyesedwa n'komwe, ndiyo ya SIM800L, kabolodi kamene timaikamo simu ya TNM kapena Airtel kuti chipangizo chizitumiza uthenga. Kameneka kamafuna pakati pa 3.4V ndi 4.4V, osati 5V, ndipo kakamafunafuna netiweki kamakoka mpaka 2A modzidzimutsa kwa kanthawi kochepa zedi. Magetsi akafooka pa nthawi imeneyo, kamazima n'kuyambiranso, nyale yake n'kumangophethira sekondi iliyonse osagwira netiweki. Ambiri amaganiza kuti simu ndi imene yavuta kapena mlongoti uli kutali. LM2596 yotcheredwa pa 4V, mawaya aafupi ndi onenepa, ndi capacitor ya 1000µF yowotcherera pafupi kwambiri ndi miyendo ya SIM800L, zimathetsa vutoli nthawi zambiri. Timawaya toonda tolumikizira pa breadboard, bolodi ya timabowo yoyeserapo popanda kuwotcherera, sitikwanira pa ntchito imeneyi, ngakhale bolodi yotsitsira magetsi ikhale yabwino chotani.

Ngati mukufuna magetsi oyera koma batire ikukudetsani nkhawa, ziwirizi zimatha kugwira ntchito mogwirizana. Tcherani LM2596 pa 7.5V, kenako 7805 itsitse kufika pa 5V. Musatsike kupitirira 7V, chifukwa 7805 imafuna kuti kolowera kukhale pafupifupi 2V pamwamba pa kotulukira. Mukatero, pa 200mA kutentha kumangokhala 0.5W m'malo mwa 1.6W, ndipo kugwedezeka kwina kumachepa, makamaka mukawonjezera capacitor ya 100µF pakati pawo. Umu ndi momwe ndinakonzera ka amplifier ka m'chipinda chochezera, ndipo kamluzu kaja kanatsika mpaka kusamvekanso pokhapokha khutu litagunda pa sipika.

Njira iliyonse imene mwasankha, ikani fyuzi ya 2A kapena 3A pa waya wofiira pafupi ndi batire, chifukwa batire ya 12V mawaya akagundana imatulutsa magetsi okwanira kusungunula pulasitiki ndi kuyatsa moto. Onjezaninso diode yoteteza ku kutembenuza mawaya, pakuti zonse ziwiri zimawonongeka mukalumikiza mozondoka, ndipo kulakwitsa kotereku kumachitika kawirikawiri madzulo munthu akulumikiza ndi tochi ya foni m'kamwa. Pa 7805 ndi zipangizo zodya pang'ono, 1N4007 imakwana, popeza imapirira 1A. Pa LM2596 tengani 1N5822, imene imapirira 3A ndipo imadula magetsi ochepa podutsa.