Chipinda cha achinyamata pachipatala chathu: uphungu ndi wabwino, koma benchi ija aisunthe

Mwana wa malemu mchemwali wanga ndimalera ndine. Atasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko mu 2023, ndinalulutira mpaka aneba anatuluka m'nyumba. Chinali chaka chomwe namondwe wa Freddy anatigwetsera nyumba ku Chilobwe mwezi wa Marichi, ndiye mwanayo ananyamuka ndi chikwama cha pakaunjika, sopo mtanda umodzi ndi chimanga chokazinga m'jumbo. Anzake ankatsika m'magalimoto ndi mabokosi a Sobo, mkaka ndi mabisiketi.

Pa holide ya Khirisimasi anabwera ali ngati munthu wina. Kudya ayi, kuseka ayi, kumangogona chafufumimba dzuwa lili pamutu. Ndalama ya kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, mutu wanga uli pa mtengo wa shuga ndi ufa, ndiye ndinkangomukalipira kuti ndi ulesi. Ena ankati walodzedwa chifukwa cha nzeru zakezo. Nesi wina amene amagula tomato pabenchi langa ndi amene anandiuza kuti ndimutengere kuchipinda cha achinyamata pachipatala chaching'ono cha boma chakwathu.

Sitinalipire kalikonse. Mlangizi wake ndi mayi wachitsikana, wolankhula motsitsa. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Mayi, mutidikire panja pang'ono." Zinandiwawa, sindinama, poti mwanayo ndamusambitsa ndekha kuyambira ali wakhanda. Koma ulendo wachitatu mwanayo anapempha yekha kuti ndilowe. Akupotokola ngodya ya chitenje changa, maso ali pansi, anati, "Amayi aang'ono, tsiku lodzaona ana ndimakabisala kubafa kuti anzanga asaone kuti kwathu sikubwera munthu." Kuhositelo ankamutcha "wa kukampu", chifukwa wina anamva kuti tinagonapo m'kalasi madzi atatithamangitsa. Usiku anzake akamatsegula mabokosi, iye ankafunda bulangete kumutu ngati wagona.

Chimene ndamuyamikira mlangiziyo n'chakuti sanamuuze kuti angolimba mtima. Anatifotokozera kuti mwana akamadziona wotsika tsiku ndi tsiku pakati pa anzake, manyaziwo amasanduka matenda a maganizo, amene amalanda tulo, chilakolako cha chakudya ngakhale chidwi cha sukulu. Anamufunsa mosapita m'mbali ngati anaganizapo zodzipha, funso lomwe ine sindikanatha kulitulutsa pakamwa. Anamupatsa kope loti azilembamo zomwe zamuvuta, analembera kalata a metroni, n'kumupatsanso nambala ya 116, yomwe ana amaimba mwaulere. Anatiuzanso kuti zikapitirira atitumiza kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth kukaonana ndi madokotala a matenda a maganizo. Apa mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ambirife tikangomva za matendawa timaganiza za ku Zomba basi.

Zodandaula zilipo. Mlangizi ndi mmodzi yekha, ndipo amapezeka Lachitatu masana okha. Kawiri konse tinabwerera atapita kumsonkhano, ine nditatseka benchi langa la tomato, ndalama ya minibasi itapita. Mabanja opeza bwino amakaonana ndi alangizi olipira m'tauni pa nthawi yomwe afuna, pomwe ife tsiku limodzi lotere ndiye ndiwo za mawa zapita. Khoma la chipindacho ndi la matabwa osafika kudenga, moti ndili panja ndinkamva mwana wa eni akulira. Choipitsitsa ndi benchi yodikirira, yomwe ndi imodzimodzi ndi ya amayi obwera kudzatenga njira zolera. Sabata isanathe, kumpopi kunali kutamveka kale kuti mtsikana wanga ali ndi mimba. Mwana wobwera kudzachira manyazi asamachoke ndi manyazi ena. Kusuntha benchi sikufuna bajeti.

Ngati muli ndi mwana amene wangozima chonchi, mutengereni, koma yambani mwafunsa ngati mlangizi alipo tsikulo. Wanga anabwerera kusukulu. Tsiku lodzaona ana teremu yotsatira ndinakwera minibasi ndi poto wa mpunga ndi nkhuku yachikuda nditamanga pansalu, ndipo ndinamupeza atandidikira pageti.